Za Njerwa ndi Nyumba za Abusa

Abale akumidzi akabwera kudzationa ife a ku Area 18, mu mzinda wa Lilongwe, sazizwanso ndi nyumba zathu, pakuti nawonso kwawo ali nazo zanjerwa, zofolera malata. Koma makolo athu akale akadauka lero nayenda m'misewu ino, akadayesa kuti anthu onse asanduka amishoni. Chifukwa m'masiku awo nyumba yanjerwa inali ya mzungu wa Boma, kapena ya wamalonda, kapena ya mbusa. Tsono tiyeni tilondole kumene inachokera nyumba yotere, ndi umo inalowera m'manja mwathu.

Ku England kunali mafumu anayi otsatizana, onsewo dzina lawo George, amene analamulira kuyambira 1714 kufikira 1830. M'zaka zimenezo kunafala kamangidwe kena ka njerwa zofiira: nyumba yamakona anayi, yosanjikiza kawiri kapena katatu, khomo pakati penipeni, mazenera a kumanja olingana ndi a kumanzere. Nyumba zambiri za abusa a m'midzi ya dzikolo zinamangidwa motero, pafupi ndi tchalitchi, makamaka Boma litapanga lamulo m'chaka cha 1776 lolola mbusa kukongola ndalama zomangira nyumba ya mpingo. Ndipo ife odziwa mbiri ya msonkho wa nyumba sitidabwa kumva kuti kumenekonso Boma linaona podyera. Linakhometsa msonkho pa njerwa kuyambira 1784 kufikira 1850, ndipo oumba ena anakulitsa zikombole kuti njerwa zichepe powerenga. Panalinso msonkho wa mazenera, wotha m'chaka cha 1851, umene unachititsa ena kutseka mazenera awo ndi njerwa.

Amishoni amene anafika kuno, ambiri anali a ku Scotland ndi a ku Cape, koma maganizo awo anali omwewo, akuti mbusa akhale m'nyumba yolimba pambali pa nyumba ya Mulungu. Poyamba anagona m'nyumba zamitengo ndi udzu monga ife. Chiswe chinadya nsanamira, mvula inagumula makoma. Pamenepo anayamba kufunafuna dothi labwino. Koma dzuwa lathu ndi mvula yathu zinawaphunzitsa chinthu chimene nyumba za George zinalibe, ndilo khonde lalikulu lozungulira nyumba. Taonani nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes: ili yosanjikiza monga za kwawo, koma yavala khonde monga za kwathu. Chomwechonso nyumba zakale za pa mishoni za kuno ku chigawo chapakati, kumene a Dutch anayamba ntchito pa Mvera m'chaka cha 1889, ndi pa Nkhoma m'chaka cha 1896.

Chimene mabuku achizungu satchula kawirikawiri ndicho manja amene anaumba. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anachilinganiza, sanaphunzire zomangamanga, ndiponso amuna amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo chinthu chotere. Dothi analikumba pomwepo, naliponda ndi mapazi, naliumba m'zikombole zamitengo, naliotcha ndi nkhuni; ndipo owerenga apeza m'makomamo mitundu ya njerwa 81, zina zokhota, zina zamphako, zina zamaluwa. Timatchula Scott chaka ndi chaka, ndipo nkoyenera. Koma munthu akaima pansi pa nsanja zake ziwiri zija, akumbukire kuti njerwa iliyonse inapita m'manja mwa munthu wakuda. Amisiri ophunzira pa mishoni zotere anamwazikana m'dziko lonse ndi chipande chawo ndi chingwe chawo, namangira Boma ndi eni minda.

Koma kumangira mwini ndi kwina, kudzimangira ndi kwina. Mbusa John Chilembwe atabwera kuchokera ku America m'chaka cha 1900, anakhazika mishoni yake pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo pofika 1913 iye ndi Akhristu ake anali atatsiriza tchalitchi chachikulu chanjerwa, chomangidwa ndi anthu akuda, cholamulidwa ndi anthu akuda. M'minda ya Bruce ku Magomero, tinyumba topemphereramo ta anthu ake tinali taudzu, ndipo woyang'anira mindayo ankangotitentha. Cha pa Mbombwe moto sukadachitha. Nkhondo ya mu January 1915 itatha, asilikali a Boma anachita kuchiphulitsa ndi onga. Tiyesa kuti Boma linamva bwino mawu amene njerwazo zinkanena, akuti anthu awa afika pano kudzakhala. Dr Daniel Malikebu anatsegulanso mishoniyo m'chaka cha 1926, ndipo pambuyo pake anamangapo tchalitchi china, chanjerwanso.

Zotsatira zake tiziona ndi maso. Amatchona obwera ku Halale ndi ku Joni anayamba kuumba njerwa kwawo. Aphunzitsi ndi akulu ampingo anatsanzira nyumba ya abusa, ndi khonde lomwe. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, antchito a Boma analowa m'nyumba zanjerwa za kuno ku Area 18, ndipo ku Kawale, ku Biwi, ku Area 25 ndi ku Chinsapo mauvuni anafuka utsi usana ndi usiku.

Koma njerwa ili ndi njala, ndipo chakudya chake ndi mtengo. Uvuni ufuna zipika zazikulu, osati tsatsa. Miwanga ndi misuku imene inaphimba zitunda za Lilongwe yambiri inathera m'menemo, ndipo madambo atsala ndi maenje osunga udzudzu. M'chaka cha 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za Boma ndi zamalonda, nililimbikitsa njerwa zasimenti. Mipingo yambiri yakumidzi ikali kusonkha njerwa zootcha, banja lililonse muyeso wake, kuti imangire abusa nyumba. Ndipo pa bwalo la akulu ampingo funso lovuta silikhalanso la woumba, koma la kumene kukapezeke nkhuni.