Jeke wa pakhoma la komponi

Adzukulu anga, senderani kuno ku mbaula, chisanu cha Joni mwezi wa Juni sichimvera nkhalamba chisoni. Chifikireni chanu ndakhala ndikukuonani: aliyense wawerama pa foni yake, timawaya m'makutu, kuonera filimu payekha, osaseka ndi mnzake, osafunsana n'komwe kuti wolakwa ndani. Ife sitinkaonera motero. Tinkaonera tili chinamtindi cha anthu, panja, mabulangete kumutu, ndipo filimu ikatha m'pamene milandu inkayamba.

Ndinafika kuno mu 1963, kwathu kukadali Nyasaland. Ndinalembetsa ku Wenela, ndege kuchokera pa Chileka mpaka ku Francistown, kenako sitima mpaka muno. Ndinagwera mgodi wina wa kumadzulo kwa mzindawu, kumene tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana, Anyasa chipinda chawo, Axhosa chawo, Abasotho chawo, Ashangani chawo. Tikatuluka pansi, malo okha amene mitundu yonseyi inkakhalira pamodzi anali pabwalo, usiku wa bayisikopo.

Mwambowu tinachita kuupeza. Unayamba ndi m'busa wa ku America, Ray Phillips, amene anafika mu Joni mu 1918. Mu 1920 anthu akuda pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito m'migodi, ndipo m'zaka zomwezo eni migodi a Chamber of Mines anavomera kulipirira mafilimu oti azizungulira m'makomponi. Maganizo awo anali akuti munthu amene waseka madzulo sadzuka ndi mkwiyo. Oyambirirawo ankafa nazo nseko za Charlie Chaplin, ndipo anamupatsa dzina lakuti Sidakwa, lomwe kwathu timati chidakwa, chifukwa cha kayendedwe kake kodzandira. Pofika nthawi yathu, mfumu ya pakhoma inali kauboyi.

Dzina lake silinali lovuta. Kaya ndi John Wayne, kaya ndi Roy Rogers, kwa ife onse anali Jeke. Makina ankaimikidwa pakati pa bwalo kuloza khoma lopaka laimu, tizilombo tikuuluka m'kuwala kuja. Mawu a m'filimu sitinkawamva ayi. Chizungu chake chinali cha m'mphuno, ndipo ngakhale chikanamveka, phokoso lathu likanachimeza. Komanso filimu inkafika itadulidwadulidwa: popsompsonana adula, pamene mzungu wachititsidwa manyazi ndi munthu wakhungu lina adula, moti nthawi zina munthu ali m'nyumba ya mowa, kuphethira kamodzi ali kale pamwamba pa phiri. Modukamo tinkalumikiza tokha. Akavalo akayamba gugudu gugudu bwalo lonse linkadzuka. Azulu akufuula kuti shaya, ife tikuti "M'phwanye, Jeke!", wina akuponya zibakera m'malere mpaka kugwetsa chipewa cha mnzake.

Mundifunsa kuti tinkamukonderanji mzungu wa pakavalo, ife amene tinkakalipidwa ndi azungu tsiku lonse. Tamvani. Jeke analibe chitupa. Akafuna kupita, ankangomanga chishalo n'kumapita, popanda womufunsa pachipata. Munthu wankhanza akamunyoza, ankamubwezera pomwepo, anthu akuona. Ife tinkatsikira pansi kusanache, kukwawa ndi fosholo m'malo otentha oti sungaimirire, kutukwanidwa n'kungoti zii. Tsono chibakera cha Jeke chinali chathu chimene tinkachibisa m'thumba sabata yonse.

Koma si onse ankagwirizana nazo. Abasotho, eni ake akavalo, ankayang'ana kakhalidwe ka munthu pachishalo, ndipo akaona wina akugwedera ankati ameneyo sanawetepo. Ndiye panali mnyamata wina wa ku Transkei, wolemba matikiti mu ofesi, amene tsiku lina anaimirira pakati pathu. Pakhoma nkuti asilikali akuthamangitsa anthu aja ovala nthenga kumutu, ife tikukuwa mosangalala. Iye anati: "Mukuombera m'manja chiyani? Enawo ndiwo eni nthaka. Zimene mukuonazi n'zimene zinachitikira agogo anga." Ena anamuuza kuti akhale pansi akutchinga. Koma usiku umenewo m'chipinda mwathu tinakangana mpaka mbaula kuzima, ndipo kuyambira pamenepo eni nthaka aja akatulukira pachitunda, ngodya ina ya bwalo inkawakuwira iwowo. Ine ndinali m'ngodya imeneyo, ngakhale Jeke sindinamutaye.

Filimu imene inandilowa m'mafupa ndinadzauzidwa patapita zaka kuti dzina lake ndi Shane, ya mu 1953, ndipo Jeke wake anali Alan Ladd. Mlendo akufika pakhomo la mlimi, akumwa madzi, akuthandiza mwini khomo kuzula chitsa chachikulu chimene chinamukanika yekha. Eni ng'ombe akufuna kulanda minda ya alimi, iye akuwamenyera nkhondo, ndipo pomaliza, atavulala, akukwera kavalo kulowera kumapiri, kamnyamata ka pakhomo paja kakumuitana kuti abwerere. Anzanga a ku Dowa anakwiya. Ankati munthu wagwira ntchito yonseyi, bwanji osapempha malo, kupeza mbeta, n'kukhala mkamwini pamudzipo? Mkulu wina anangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine sindinayankhe. Ndinali kuona bambo anu, ali ndi zaka zitatu, akuthamangira lole imene inatinyamula kupita ku boma, kabudula akugwa, akulira kuti ndimutenge. Ndinafunda bulangete kumaso kuti anzanga asaone.

Za mafilimu a zigawenga, mwini nkhani anali atsibweni anga. Iwo anabwera selefu, wapansi, m'zaka za m'ma 1940, n'kupeza ntchito yophika kwa azungu, ndipo ankachita lendi kachipinda ku Sophiatown. Kumeneko kunali nyumba ya kanema yotchedwa Odin. Ankandiuza kuti itafika filimu ya The Street with No Name, ya mu 1948, anyamata anapenga ndi Richard Widmark, amene anali mkulu wa mbava dzina lake Stiles. Iye ankakonda kuluma apozi ndi kununkhiza kamankhwala ka chimfine m'mphuno. Pasanathe sabata, pangodya iliyonse panali mnyamata wa chikhoti chachitali, chipewa chopendekera, apozi m'manja. Apolisi akatulukira pachinsalu holo yonse inkawawooza, mbava ikalankhula onse tcheru. Magulu a atsotsi ankadzitcha mayina monga Americans, ndipo ku Alexandra kunali Spoilers, amene dzina lawo analitenga ku filimu, omwe ankalimbana ndi gulu la Msomi.

Atsibweni mafilimu amenewa ankadana nawo kotheratu. Ankakweza malaya n'kundionetsa chipsera chapansi pa nthiti, chachitali ngati chala changachi, chokhala ndi timadontho ta ulusi m'mbali. Anawabaya Lachisanu lina madzulo akutsika basi, malipiro ali m'sokosi, ndipo wowabayayo anali mwana woti angamubereke. "Mphwanga," ankatero, "bayisikopo ndi sukulu ya mbava." Ine ndinkawatsutsa mwaulemu, ndipo mpaka lero ndikuti pamenepa anaphonya pang'ono. Filimu inapatsa anyamatawo chipewa ndi kayendedwe, koma mpeni anawapatsa ndi njala, kusowa sukulu, ndi chitupa chimene chinkasandutsa mnyamata wosalakwa kukhala mkaidi. Wapolisi amene ankamuwooza pachinsalu ankamudziwa bwino, ndi yemwe ankagogoda pakhomo pa amayi ake usiku. Nanga pa 9 Febuluwale 1955, apolisi 2,000 atabwera ndi malole kudzasamutsa anthu a ku Sophiatown kupita nawo ku Meadowlands, inaphwasula mudzi uja ndi filimu? Komabe chipsera chinali pathupi pawo, osati panga, choncho akakweza malaya ndinkatseka pakamwa.

Mafilimu a nkhondo ndiwo ankatisiya njakata. Achinyamata tinkakonda mizinga ndi ndege zikugwa moto uli lawilawi. Koma m'chipinda mwathu munali mkulu wina wa ku Zomba, msilikali wakale wa Keyala, amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw mpaka kumtsinje wa Chindwin. Iye mfuti ikangolira pakhoma ankanyamula kampando kake n'kubwerera kuchipinda. Tsiku lina tinamukakamiza kuti atiuze chifukwa. Anati: "Ana inu, munthu wowomberedwa sagwa mwaukhondo chotero. Amaitana amayi ake usiku wonse. Mvula ya kumene kuja, matope, misundu, malungo, mwaziona pakhomapo? Nanga mwaonapo nkhope yakuda ngakhale imodzi? Ife tinapita, ena tinawakwirira komweko, koma pakhomapo palibe." Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga nkhope m'filimu iliyonse ya nkhondo, ndipo mkulu uja sananame.

Itatuluka filimu yodzaza ndi nkhope zakuda, ya Zulu mu 1964, yosimba nkhondo ya ku Rorke's Drift ya mu 1879, momwe Mangosuthu Buthelezi anasewera ngati mfumu Cetshwayo, boma la tsankho linalamula kuti anthu akuda asaionere. Azulu a pakomponi pathu ankangomva kuti abale awo ali m'filimu imene iwo saloledwa kuiona.

Bwalo lija linayamba kuchepa Anyasa mu 1974. Pa 4 Epulo ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a m'migodi. Anzanga ambiri anapita. Ine ndinatchona, ndipo nkhani imeneyo agogo anu aakazi anakuuzani kale mbali yawo. Mu 1976 wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno, anthu n'kuyamba kuonera m'nyumba, zitseko zotseka.

Tsono iwe wamkulu, paja umati m'foni mwakomo mumapezeka chilichonse. Undifunire Shane, ubwere nayo Lamlungu likudzali, ubwerenso ndi azibale akowa. Tidzaiike pa chinsalu chachikulu cha pabalaza, timawaya tija musiye kwanu, ndipo udzakhale pafupi nane uzidzandimasulira. Ndikufuna ndimve zimene munthu uja anauza kamnyamata kaja asanakwere kavalo, poti usiku uja pakomponi sindinamve ngakhale liwu limodzi.