Ophunzira Awiri a ku Mbombwe

Chaka choyamba chimene ndinakhala kunja pa maphunziro ndinkadya ndekha. Anzanga a m'kalasi sanali anthu oipa ayi, koma Chingerezi chawo chinali chothamanga, ndipo pamene ine ndinkamaliza kumasulira nthabwala m'mutu mwanga, iwo amakhala ataseka kale n'kuyamba nkhani ina. Usiku wina wa chisanu, pothawa chipinda changa, ndinalowa m'laibulale ndi kupezamo buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, la 1958. Ndinalibwereka chifukwa cha dzina limodzi limene ndinaliona m'katimo: Mbombwe, kwathu ku Chiradzulu, kumene agogo anga aakazi ankapemphera kuyambira ali mtsikana.

Tonsefe timamdziwa John Chilembwe wa mu 1915, uja anaukira atsamunda pa 23 January ndi kuphedwa pa 3 February. Amene ndinakumana naye usiku umenewo anali wina: Chilembwe mwana wa sukulu, mlendo m'dziko la eni ngati ine.

Iye anachoka kuno mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, mmishonale amene ankamgwirira ntchito ya m'nyumba kuyambira mu 1892 ndiponso amene anam'batiza mu 1893. Phunziro lake loyamba ku America silinachitikire m'kalasi. Kuno kwathu, Mzungu kuyenda ndi wantchito wake pamsewu sichinali chachilendo. Koma Booth analemba kuti ku Richmond, m'dera la Virginia, anyamata achizungu ankawatsatira ndi kuwagenda miyala chifukwa choyenda limodzi. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, mu 1896, bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linali litavomereza kusankhana mitundu pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson.

Awiriwa anasiyana. Chilembwe anatengedwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, makamaka mlembi wake wa za umishonale, Lewis G. Jordan, ndipo anakalowa sukulu ya Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg. Apa ndi pamene ine ndinaima nthawi yaitali, bukulo lili chitsegulire. Sukulu imeneyi anaimanga ndi Abaptisti akuda, ndipo mkulu wake, Gregory Hayes, anali munthu wakuda. Taganizani mnyamata wochokera kumene sukulu iliyonse yodziwika, kaya ku Blantyre, ku Domasi kapena ku Livingstonia, inali m'manja mwa Mzungu. Tsopano akudzuka m'mawa uliwonse n'kuona kuti wogwira choko, wosunga ndalama ndi wolalikira pa guwa onse ndi a khungu ngati lake. M'maganizo anga, zimenezi zinamphunzitsa zambiri kuposa mabuku a zaumulungu amene anawerenga kumeneko.

Komabe tisanamizane kuti anali kwawo. Anzake anali ana a anthu amene anamasulidwa ku ukapolo mu 1865; iye anachokera kumene malonda a akapolo anali asanatheretu pa ubwana wake. Chingerezi chinali chinenero chawo chobadwa nacho. Iye anachiphunzira pogwira ntchito m'nyumba ya Booth. Khungu linali limodzi, koma nthabwala za pa chakudya ziyenera kuti zinkamdutsa monga momwe zinkandidutsira ine.

Anabwerako mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, nakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Landon Cheek anamtsatira mu 1901, ndipo Emma DeLany anafika mu 1902. Panayamba sukulu, amayi anaphunzira kusoka, ndipo mu 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha. Koma munthu amene anazolowera kuvala suti ndi chipewa ku Lynchburg anabwerera kumene Mzungu ankayembekeza kuti wakuda avule chipewa akakumana pa njira. Pafupi pomwepo, m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anthu ankalima thangata, ndipo William Jervis Livingstone ankatentha nyumba zopempherera za mishoniyo. Ku Virginia anazolowera m'zaka ziwiri kapena zitatu. Kwawo anakhala zaka khumi ndi zisanu osazolowera.

Wophunzira wachiwiri ndi Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa sukulu ya pa Mbombwe pomwepo. Mayi DeLany atabwerera kwawo, mnyamatayu anawalondola: anatsikira ku Beira, nagwira ntchito m'sitima ya pamadzi kuti awoloke nyanja. Anaphunzira ku Selma University ku Alabama, ndipo mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville. Anali dokotala woyamba wa dziko lino, zaka makumi awiri Hastings Kamuzu Banda asanamalize pa sukulu yomweyo mu 1937. Ana athu a sukulu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa nanenso sindinaphunzitsidwe.

Nkhani ya 1915 inampeza Malekebu ali m'kalasi, kutali. Mphunzitsi wake anaphedwa, ndipo tchalitchi cha njerwa chija Boma linachiphulitsa. Pamene anafika kuno mu 1921 ndi mkazi wake Flora Zeto, atsamunda sanamlole kukhazikika: munthu wakuda wophunzira ku America, wochokeranso ku Mbombwe, ankamuopa. Anapita ku South Africa, kenako anakagwira ntchito ku Liberia, mpaka mu 1926 pamene anamlola kutsegulanso mishoniyo.

Agogo anga anakula m'masiku a Malekebu amenewa. Nditabwera pa tchuthi choyamba ndinkayesa kuwafotokozera za chisanu ndi za kudya ndekha, ndikusakaniza Chingerezi osazindikira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mdzukulu wanga, a Dokotala anakhala kumeneko zaka zambiri kuposa iwe, koma ife ankatilankhula tikumva." Atatero anandituma kukatenga nkhuni kuseri kwa nkhokwe.