Dzina Pansi pa Mbiya: Oumba a ku San Ildefonso

Liwu lakuti "pueblo" ndi la Chisipanishi, ndipo limatanthauza mudzi. Ndilo dzina limene atsamunda a ku Spain anapatsa mitundu ya anthu imene anaipeza m'zaka za m'ma 1500 m'dera limene lero ndi New Mexico ndi Arizona ku United States. Amayi a mitundu imeneyi akhala akuumba mbiya kwa zaka zoposa 1,000, popanda makina. Amasakaniza dongo ndi phulusa la mapiri ophulika kapena mapale osinja, naumba posanjikiza mikombero ya dongolo, nasalaza ndi phale la chikho, kenaka nakulungiza ndi mwala.

Njanji itafika ku New Mexico cha m'ma 1880, amalonda anabweretsa mapoto ndi ndowa zachitsulo. Mtsuko unayamba kusowa ntchito pakhomo, ndipo luso linazilala m'midzi yambiri.

Mu 1908 wofukula zakale, Edgar Lee Hewett, anapeza mapale akale pa Pajarito Plateau. Iye anapempha Maria Martinez, woumba wa m'mudzi wa San Ildefonso, kumene amalankhula Chitewa, kuti ayese kuumba mbiya zofanana nazo. Mwamuna wake, Julian, ndiye ankazijambula. Cha m'ma 1919 awiriwa anatulukira njira yojambulira zokongoletsa zakuda zosawala pa mbiya yakuda yonyezimira. Kudako kumabwera pootcha: moto ukayaka ndithu, amaufotsera ndi ndowe zouma zosinja, mpweya usalowe, ndipo utsi umadetsa dongo lonse.

Ogula anachuluka, makamaka msika wa Santa Fe Indian Market utayamba mu 1922. Koma ogulawo anafuna chinthu chimene mwambo sunkachidziwa: dzina la woumba. Kale mbiya inkadziwika ndi mudzi wake ndiponso dzanja la banja lake. Cha m'ma 1923 Maria anayamba kulemba "Marie" pansi pa mbiya zake, dzina losavuta kwa azungu, pamene la Julian silinkalembedwa chifukwa kuumba inali ntchito ya amayi. Pambuyo pake linaonjezedwa. Julian atamwalira mu 1943, panalowa dzina la mpongozi wake, Santana, ndipo kuyambira mu 1956 la mwana wake, Popovi Da. Dzina lake la Chitewa, Poveka, linaonekera mochedwa, pa mbiya zosajambulidwa.

Mndandanda wa mainawa ukusonyeza kuti, ngakhale msika unafuna katswiri mmodzi, ntchitoyo inakhalabe ya ambiri. Mutu umodzi susenza denga. Maria sanabise njira yake. Anaphunzitsa anansi, ndipo mabanja ambiri a m'mudzimo anapeza nayo chakudya.

Maria anamwalira mu 1980. Zidzukulutudzi zake, monga Barbara Gonzales, zinapitiriza kuumba, ndipo nazonso zimalemba maina pansi pa mbiya. Komabe dongo amakakumba ku nthaka ya mudzi, imene ilibe dzina la munthu mmodzi.