Makobiri Oboola ndi Ndalama Zodinda

Akale anati tsabola wakale sawawa. Mwambi umenewu ndi woona pa zambiri, koma pa ndalama zachitsulo umalephera, pakuti kobiri limene wasitolo angalikane lero limafunidwa ndi anthu osonkhanitsa ndalama zakale.

Kufikira m'chaka cha 1971, pamene kunabwera kwacha ndi tambala, anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje ankawerengera chuma chawo m'makobiri, matiki, masheleni ndi mapaundi. Zina ankazipeza pogulitsa fodya ndi mtedza, zina zinkadza ndi amuna ochokera ku Joni ndi ku Harare. Kobiri la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, limene linayamba kusulidwa mu 1955, linali ndi njovu ziwiri ndi chiboo pakati. Chiboocho linkabwera nacho kuchokera kosulidwa, ndipo anthu ankatunga makobiriwo pachingwe ngati mikanda.

Panalinso chiboo china cha kumudzi. Tiki kapena sheleni ankaiboola m'mphepete ndi msomali, mayi n'kumuveka mwana wake m'khosi. Ndalama yotere inkaleka ntchito yogula mchere, n'kusanduka chokongoletsa cha pabanja.

Maboma nawonso ankasintha ndalama, koma iwo ankachita kudinda. Kuseri kwa Dzalanyama kuli dziko la Mozambique, kumene kale kunkayenda ndalama zasiliva za mayiko ena, monga marupiya a ku India ndi ndalama zazikulu za ku Austria zokhala ndi nkhope ya Maria Theresa. Cha m'ma 1889 Apwitikizi anazidinda zilembo ziwiri, PM, zotanthauza chigawo cha Mozambique, kuti zikhale zovomerezeka m'dzikomo.

Osonkhanitsa ndalama amasiyanitsa zizindikiro ziwirizi. Chidindo cha boma chimakweza mtengo, chifukwa ndi umboni wa kumene ndalamayo inayenda ndi wa amene ankalamulira. Chiboo cha msomali chimatsitsa mtengo, chifukwa iwo amachiyesa chilema. Popeza zodindazo zili ndi malonda, akathyali amadindanso zidindo zabodza pa ndalama zenizeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: wogula wanzeru amayamba waonetsa kwa odziwa.

Choncho mdzukulu akapeza ndalama yakale m'sutikesi ya agogo, asathamangire nayo kwa ogula zitsulo, ndipo asaikweche ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale, pakuti kutero n'kufafaniza zimene odziwa amayang'ana. Aikulunge m'kansalu kouma, kenaka afunse akuluakulu amene akali moyo kuti anaibweretsa ndani, anaiboola ndani, ndipo anaivala ndi mwana uti. Tiki yoboolayo mwina siingagule kanthu pamsika wa osonkhanitsa, koma m'banja limene agogo awo anaivala ali khanda, ikaperekedwa kwa mlendo palibe inanso imene ingalowe m'malo mwake.