Anthu Amene Analondola Njira za M'bongo

M'chaka cha 1873, m'tauni ya Abbiategrasso ku Italy, dokotala wina dzina lake Camillo Golgi, amene ankasamalira odwala nthenda zosachiritsika, anasandutsa khitchini ya chipatala kukhala kachipinda kake kofufuzira; ndipo m'menemo, atanyika tizidutswa ta bongo m'mankhwala a siliva ndi kutiika pansi pa maikulosikopu, anaona maselo atada bii, lililonse ndi nthambi zake, monga iimira mitengo ya m'thengo itayoyola masamba m'chilimwe. Iye anakhulupirira kuti nthambizo n'zolumikizika kukhala ukonde umodzi wosaduka. Koma Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene anatenga luso lomwelo nalinola, pofufuza bongo wa tianapiye ndi tinyama takhanda, m'mene nthambi zisanawirire, ndi kujambula pamanja zonse anazipenya, anatsimikiza kuti selo lililonse lili palokha, lingoyandikana ndi linzake ndi kulipatsira uthenga. Awiriwa analandirira limodzi mphotho ya Nobel ku Stockholm mu 1906, ndipo ngakhale pamenepo Golgi sanagonje. Cajal ndiye analondola. Komabe ine sindinyoza nkhalamba ya ku Italy ija, pakuti inazindikira ndithu kuti mutu umodzi susenza denga, ngakhale m'kati mwa mutu momwemo.

Kudziwa kuti njira zilipo n'kwina, kuzilondola zonse n'kwinanso. Ntchito yowawayo anaisenza Sydney Brenner, mbadwa ya ku Germiston ku South Africa, pamodzi ndi John White ndi anzawo ku Cambridge, amene anasankha kanyongolotsi ka m'dothi kotalika ngati milimita imodzi, kokhala ndi maselo a mitsempha 302 okha. Anakaduladula mopyapyala koposa, najambula kachidutswa kalikonse, ndipo kwa zaka zoposa khumi anatsata mtsempha uliwonse ndi cholembera, chithunzi ndi chithunzi, kufikira mapu ake anatuluka mu 1986. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapuwo anafunika wowamasulira, ndipo nzeru yake inachokera kutali, ku masamu amene Leonhard Euler anayala mu 1736 polingalira za milatho isanu ndi iwiri ya mzinda wa Königsberg, m'mene anaonetsa kuti chofunika si kutalika kwa mlatho, koma malo amene uwalumikiza. Mu 1998 Duncan Watts ndi Steven Strogatz, poyesa mitsempha ya kanyongolotsi kaja ndi masamu otere, anapeza kuti maselo ake akhala m'timagulu togwirizana kwambiri, monga mabanja a m'mudzi umodzi, koma pali njira zochepa zachidule zofika kutali, kotero kuti uthenga sudutsa m'manja ambiri usanafike kumene upita.

Bongo wa munthu wamoyo sungadulidwe chotero. Koma makina a MRI, potsata m'mene madzi ayendera motsatira mitsempha, alola akatswiri kuona misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zake, ndi mphambano zimene njira zambiri zikumanapo. Mu 2005 Olaf Sporns ndi Patric Hagmann, aliyense payekha, anatcha mapu otere connectome. Mu 2024 anthu anamaliza kulondola bongo wonse wa kantchentche ka pazipatso, wa maselo pafupifupi 140,000. Wa munthu uli ndi maselo a mitsempha ngati 86 biliyoni.