Wojambula Wopanda Dzina: Mbiri ya Zithunzi za pa Katundu ku Katuli

Tikamakamba za luso la kujambula m'Malawi muno timathamangira kutchula a Kay Chiromo, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, kapena a Brian Hara ndi a Vic Kasinja amene zithunzi zawo zinkaseketsa anthu m'nyuzipepala. Onsewa tikuwadziwa chifukwa ankasaina ntchito zawo. Koma alipo mmisiri wina amene zithunzi zake zalowa m'nyumba zambiri koposa za onsewa, ndipo sasaina. Ameneyu ndi wojambula za pa paketi, pa botolo ndi pa bokosi la machesi. Pofuna kumumvetsa ndasankha dera la Mfumu Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi, m'malire ndi chigawo cha Niassa cha ku Mozambique, popeza anthu a kumeneko anayamba kale kugula katundu wochokera kutali.

Ayao anali amalonda Azungu asanafike. Ankapita ndi minyanga ya njovu ku Kilwa, ndipo, tisabise, ankapitanso ndi akapolo. Pobwerera ankasenza mikanda, mfuti, onga ndi nsalu. Pamene David Livingstone anafika kwa Mataka ku Mwembe mu 1866, anapeza mudzi waukulu wozolowera kale zinthu za kugombe. Mwa nsalu zija, yotchuka inali merikani, nsalu yoyera yolimba imene amalonda a ku Salem m'dziko la America ankabwera nayo ku Zanzibar, makamaka pambuyo pa pangano la malonda la mu 1833. Nsaluyi inkabwera itadindidwa chizindikiro cha fakitale. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 itadula malondawo, a ku Manchester ndi a ku Bombay anayamba kuwomba nsalu yofanana nayo, ndipo ena ankaba ndi chidindo chomwe kuti wogula ayese ndi merikani weniweni. Wodinda chidindo chabodza anali atazindikira kuti munthu wa kumtunda kuno amayang'anitsitsa asanagule, ndipo sagula chimbulimbuli.

Ku Manchester komweko kunabuka ntchito yojambula timapepala ta mitundumitundu tomata pa nsalu: njovu, akambuku, mbalame, mafumu. Ojambulawo anali antchito a m'nyumba zosindikizira, ndipo ambiri sanaonepo maiko kumene nsaluzo zinkapita. Maganizo awo ankawatenga kwa amalonda obwera kuchokera kunja, amene ankawauza chimene chayenda malonda ndi chimene chakanika. Lamulo loteteza zizindikiro za malonda linakhazikitsidwa ku Britain mu 1875. Chizindikiro choyamba kulembetsedwa, mu 1876, chinali kachinthu kofiira ka ngodya zitatu ka mowa wa Bass, kopanda chithunzi cha munthu kapena nyama. Nzeru yake inali yakuti chizindikiro chioneke patali ndipo chisaiwalike.

Nzeru imeneyi inagwira ntchito kwambiri ku madera ngati Katuli. Atsamunda atamanga Fort Johnston mu 1891 ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao monga Jalasi ndi Makanjira mu 1895, katundu anayamba kubwera kudzera kwa Mandala, kampani imene inayambika ku Glasgow mu 1878, ndi m'masitolo a Amwenye. Koma sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabwera atabatizidwa. Ana ankaphunzira zilembo za Chiarabu ku madarasa. Tsono tisanene kuti anthuwa anali osaphunzira. Tinene kuti mawu a Chingerezi a pa paketi sankalankhula nawo. Chimene chinkalankhula chinali chithunzi ndi mtundu wa utoto. Ngakhale dzina loti Mandala linabwera motero: anthu anaona magalasi a m'maso a John Moir, dzina la African Lakes Company nkulisiya pomwepo.

N'chifukwa chake wojambula wa pa paketi amakonda nyama imodzi yokha, yoima payokha, mitundu iwiri kapena itatu basi. Umphawi wa makina osindikizira unathandizirapo, pakuti mtundu uliwonse woonjezera unali ndalama. Amuna opita ku Joni pa Wenela ankabwera atazolowera machesi a Lion, a mkango pabokosi. Kuno kwathu kunali a Leopard, a kambuku. Mwana womutuma ku okala sasowa kuwerenga, angoyang'ana chilombo. Ndipo a Carlsberg, amene anatsegula fakitale yawo ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, anaona okha ogula akusiya maina a mowa nkumaitanitsa Green kapena Brown, kutengera mtundu wa pepala la pa botolo. Chitsanzo ichi, ndivomere, n'cha ku Zomba kuno koposa ku Katuli kumene ambiri salawa mowa.

Mwa zonse zopangidwa muno, ine ndimaona kuti botolo la tsabola wa Nali ndilo linapambana. Kampaniyi anaiyambitsa ndi Mmalawi, a Khoromana, m'zaka za m'ma 1970, ndipo pabotolo analembapo mawu awiri a Chichewa: Abale Samalani. Paketi ina iliyonse imadzitama kuti ndine wabwino, ndigule. Iyi ikuchenjeza, ndipo ikutchula wogula kuti mbale. Aliyense wodziwa nthabwala za pa nsima amamva kuti chenjezolo ndi kuputa dala, ngati kumuuza mnyamata kuti dziwe ili n'lakuya, iwe sungathe. Wojambula wa ku Manchester sakanaiganiza nzeru imeneyi.

Palinso chinthu chimene wojambula sachidziwa, ndicho moyo wachiwiri wa ntchito yake. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi anasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo boma la Mangochi linalandira ena mwa iwo. Chakudya cha chithandizo chinkabwera m'matumba ndi m'zitini, zina zili ndi chithunzi cha manja awiri ogwirana cha boma la America. Mafuta akatha, chitini sichinkatayidwa. Amisiri a malata ankachidula nkupanga koloboyi kapena kapu, ena nkuchisandutsa muyeso wogulitsira pamsika. Zilembo zinkatsala zodukaduka, zina chadodolido, ndipo uthenga umene unakonzedwa ku Washington unkathera pa kuunikira mwana wowerenga usiku.

Masiku ano pa msika wa m'malire pamapezeka mapaketi a Chipwitikizi, a Chingerezi ndi a Chiswahili pa benchi limodzi, ndipo wogula wachisilamu amatembenuza paketi kufuna kachizindikiro ka halaal asanayang'ane n'komwe chithunzi chachikulu cha kutsogolo. Kachidindo kakang'ono kameneka kakugwira ntchito imene chidindo cha merikani chinkagwira kale, yotsimikizira munthu kuti chimene chili m'katimu ndi chenicheni.

Koma ambiri sagula paketi yathunthu. Mwini okala amatsegula thumba la shuga nkumuthira m'timapulasitiki, mafuta ophikira nawo amamanga pang'onopang'ono, ndipo kaufa ka tsiku limodzi anthu anakapatsa okha dzina loti walkman. Pa timatumba timeneti palibe kambuku, palibe mtundu, palibe mawu. Wogula amayang'ana nkhope ya wogulitsa, amene amamudziwa kuti ndi mwana wa uje, ndipo paketi yeniyeni, ija anaivutikira wojambula, imapachikidwa pa msomali kuseri kwa kauntala ili yopanda kanthu.