Kaboti kamene cisanu cinalephela kuphwanya

Tikakamba za cisanu kuno kwathu, timakamba za June ndi mabulangete awili. Kumpoto kwa Canada, cisanu cimaumitsa nyanja kukhala mwala, ndipo aisi imafinya sitima mpaka matabwa kusweka. Mu 1845, John Franklin anapita kumeneko ndi sitima ziwili zikuluzikulu, Erebus ndi Terror. Anthu onse 129 sanabwelele.

Mu June 1903, Roald Amundsen wa ku Norway ananyamuka kukayesa njila imodzimodziyo ndi Gjøa, boti yamatanga ya asodzi imene inapangidwa mu 1872. Inali yotalika mamita 21 cabe, ndipo munali amuna 7.

Cisanu cisanalimbe, Amundsen anasankha kadoko kobisika pa cisumbu ca King William, kumene aisi ya panyanja yaikulu siikanatha kukankha boti. Anatsitsa katundu kumtunda, mabokosi ake n'kumangila tunyumba. Pamwamba pa boti anayalapo matanga monga denga. Anthu a kumeneko, a Netsilik, anawaphunzitsa kuvala zikumba ndi kumanga nyumba za sinoo. Anakhala pamalopo nyengo ziwili za cisanu, ndipo lelo pali tauni yochedwa Gjoa Haven. Cisanu cacitatu cinawapeza ku King Point, kumene mnzawo Gustav Wiik anamwalila. Mu August 1906 anafika ku Nome, ku Alaska. Gjøa inakhala boti yoyamba kudutsa njila yonse ya Northwest Passage.

Comvetsa cisoni n'cimene cinacitika pambuyo pake. Kuyambila mu 1909, botiyo anaiika pabwalo m'paki ya Golden Gate ku San Francisco kuti anthu aziiona. Mvula, dzuwa ndi mphepo ya mcele zinaidya pang'onopang'ono, alendo enanso anali kudulako tuzidutswa twa matabwa. Anaibwezela ku Norway mu 1972, ndipo tsopano ili m'nyumba ku Fram Museum mumzinda wa Oslo.

Mu aisi, amuna aja anali kuiyang'anila tsiku lililonse cifukwa moyo wawo unali mmenemo. M'paki inali ya aliyense, ndiye inavutika kupeza woisamala. Ganizilani zimenezi mukapita pa mpopi wa m'komboni umene wakhala ukudontha kuyambila caka catha.